Bolodi la pa Geti

Lolemba, 10 Febuluwale 2025

Matope kuyambira pa siteji mpaka pa sukulu. Nsapato zanyowa, choko nachonso.

Uthenga wa a Goodwin, eni sukulu, wandipeza m'minibasi: "Za pa bolodi lero: mileme ndi yakhungu." Bodza. Mileme imaona. Azitola m'gulu lawo la pa WhatsApp, monga mwa masiku onse. Ndalemba basi, mwaluso ndithu, pa bolodi la pa geti lomwe makolo amawerenga podutsa. Pamwamba DZIWANI LERO. Pansi L. Gondwe, B.A. Zilembo ziwiri zomalizazo akuti ndisamaziiwale, zimakopa makolo.

Pa asembule ana mazana awiri kubwereza katatu.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Lero mbiri. Akuti likulu la dziko linachoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1964. Chaka chake ndi 1975. Zaka zinayi ku yunivesite, phunziro lomwelo.

Ndinapita mpaka pa khomo la ofesi yawo. Ndinawapeza akukukuta chimanga chootcha, makoko pa mafayilo. "Lumbani mwana wanga, amalume ako adzuka bwanji?" Ndinati adzuka bwino. Ndinabwerera kukalemba 1964.

Veronica wa masamu akuti, "Lemba zomwe wapatsidwa, ase. Ukufuna ukaumenso pakhomo?" Sakunama. Zaka ziwiri ndinakhala ku Kawale, digiri ili m'sutikesi, mpaka amalume atandipemphera ntchito kwa mkulu wa mpingo mnzawoyu. Kuwakonza a Goodwin n'kuchititsa manyazi amalume.

Kapena ndi mantha chabe amene ndawaveka suti.

Lachiwiri, 18 Febuluwale

Dzina la mbalame m'Chingerezi, tanthauzo lolakwika. Sindinafufuze n'komwe. Dzanja likuzolowera.

Loweruka kuli mpikisano wa mafunso, sukulu zisanu ndi zitatu. Wotsogolera gulu lathu ndi Tusekele wa folomu 2. Mtsikana wosalankhulalankhula, mutu wakuthwa. Mayi ake amagulitsa tomato mumsika wa ku Eliya 36, akuti atseka benchi kuti adzaonerere.

Loweruka, 22 Febuluwale

Tinafika mpaka ndime yomaliza. Funso lomaliza, wolondola atenga chikho: likulu linasamukira ku Lilongwe chaka chanji?

Tusekele dzanja m'mwamba wofunsa asanatsirize. 1964.

Atamuuza kuti walakwa sanakhale pansi. Anatsutsa, mwaulemu: "Pepani, koma aphunzitsi athu analemba okha pa bolodi, ndipo ali ndi digiri ya mbiri." Holo yonse kuseka. Wina kumbuyo: "Digiri ya ku kaunjika!" Iye anatembenuka kundifunafuna kuti ndiimirire, ndimuikire kumbuyo. Ine maso pa nsapato.

Mayi ake anatuluka mwambo usanathe.

Sindinadye.

Lamulungu, 23 Febuluwale

A Goodwin kutsogolo m'tchalitchi, pemphero lalitali lopempherera ana ndi aphunzitsi awo. Tikutuluka anandigwira paphewa: "Mwana uja watichititsa manyazi. Sawerenga." Sakukumbuka n'komwe kuti chakacho chinachokera mufoni yawo.

Ndinawafotokozera amalume tikubwerera. Anangoti, "Wamkulu salakwa, Lumbani. Ugwire ntchito."

Amene ndikunyansidwa naye kwambiri si a Goodwin.

Lolemba, 24 Febuluwale

Uthenga wabwera: khoma lalitali la ku China limaoneka munthu ali pa mwezi. Sindinalembe. Ndalemba kuti likulu linasamuka mu 1975, kuti zomwe ndinalemba pa 12 zinali zolakwika, ndiponso kuti mileme imaona. Dzina langa pansi, lopanda B.A.

Tsiku lonse khutu ku chitseko, kudikira kuitanidwa. Mabuku anga ndalongedza m'jumbo.

Lachisanu, 28 Febuluwale

Masiku asanu ndikulemba zanga, zofufuza bwino. Mauthenga awo ndikungoyankha "Zikomo bwana."

Palibe wondiitana.

M'mawa galimoto yawo inaima pa geti ine ndili ndi choko m'manja. Anatsitsa galasi. "Bolodi lathu likugwira ntchito, eti? Pitiriza." N'kudutsa, osaliyang'ana.

Samawerenga. Sanawerengepo chiyambire. Miyezi isanu ndi umodzi ndikulemba mabodza poopa munthu amene sakweza n'komwe maso. Ndikanalemba 1975 tsiku lija, palibe chimene chikanandichitikira.

Nditamuuza, Veronica waseka mpaka misozi. Ine ndinapita kuseri kwa zimbudzi, kulavula.

Lachiwiri, 4 Malichi

Dzulo holide ya pa 3 Malichi, yokumbukira ofera dziko. Lero ndalemba za tsikulo, za 1959, nditatsimikiza m'mabuku awiri.

Ndinamudikira Tusekele pa geti. Sabata yonse wakhala akundizemba, anzake akumutchula "Sikisite-folo". Ndinamuuza zonse: kuti ndinkadziwa chaka cholondola, kuti ndinalemba bodza dala, kuti m'holo muja ndinayenera kuimirira. Ndimayembekezera kulira, kapena mkwiyo. Ndikanakondwa nawo mkwiyowo.

Anamvetsera manja ali kumbuyo. "Palibe vuto, sala."

Kenako anayang'ana bolodi, n'kuwerenga mpaka pansi, pa dzina langa. Anafunsa mofatsa, mopanda chipongwe chilichonse: "Nanga za lerozi, ndilembe, kapena ndikayambe ndafunsa kwina?"

Ndinamuuza kuti akayambe wafunsa kwina.