Amuna anga apambana mphoto, koma ndinanama za ntchito yawo

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 47, wa ana anayi. Ndimakhala kufupi ndi Nsaru ndipo ndine wa Chigwirizano kumpingo kwathu. Vuto langa ndi lakuti amuna anga apambana mphoto. Ndikudziwa kuti anzanga amakulemberani za amuna oledzera ndi othawa mabanja, ndiye mungopirira nane.

Bambo a kunyumbawa, a Rabson, agwira ntchito zaka 22 pachipatala china kuno kwathu. Ntchito yawo ndi ya ku motchale. Amalandira matupi, kuwasambitsa, kuwaveka ndi kuwapereka kwa eni ake. Anthu oyandikana nafe amadziwa, ndipo sitikambirana. Koma kwa alendo ndi abale akutali ndakhala ndikunena kuti amagwira ku sitolo ya chipatala. Wina akafunsa kuti amasunga chiyani, ndimati zosiyanasiyana.

Chaka chilichonse chipatalachi chimathokoza wantchito mmodzi wodzipereka. Osankha ndi odwala. Pakhomo pali kabokosi, munthu akachira amalemba dzina la amene wamusamalira bwino n'kuponyamo. Kawirikawiri amapambana ndi anamwino a ku mateniti. Ine mtima unali m'malo, poti anthu amene a Rabson amawasamalira salemba makalata.

Chaka chino asokoneza zinthu ndi a Selemani, eni golosale yaikulu pamsika. Bambo awo anamwalira m'mawa wa Khirisimasi, a Rabson ali patchuthi, tili m'tchalitchi. Asilamu, monga mukudziwa, amaika maliro tsiku lomwelo. Uthenga utafika pakhomo la tchalitchi, a Rabson anatuluka pakati pa ulaliki ndi jekete lawo la Khirisimasi, anakatsegula, anakasaka adokotala kuti asaine mapepala, ndipo pofika masana a Selemani anali atanyamula bambo awo. A Rabson anafika kunyumba mpunga utazizira. Ine ndinaiwala, koma a Selemani ayi. Anayenda khomo ndi khomo kwa onse amene anaferedwapo, Asilamu, Akatolika ndi a mpingo wathu, mpaka kabokosi kaja kanakana kutsekeka. Akuti mapepala ena anachita kuwaika m'jumbo. Pamwamba pa satifiketi ya chipatala, a Selemani awonjezerapo njinga yatsopano.

Mwambowo uli Loweruka pa 14, pabwalo la chipatala, tsiku la msika, ndipo kudzakhala zokuzira mawu. Loweruka lomwelo ndi limene tinapangana kale kuti a kuchimuna abwere kudzamaliza zokonzekera chinkhoswe cha mwana wathu woyamba, Mayamiko. Mnyamatayo ndi Trust, mphunzitsi wa ku Nambuma. Bambo ake, a Edward, ndi mkulu wa mpingo, anapuma pa uhedimasitala, munthu woti akamadutsa ngakhale nkhuku zimapatuka mwaulemu. Iwowa ndinawauza ndekha, ndi pakamwa pangapa, nkhani ya sitolo ija.

Ndikuopa, Aphungu. Kwathu kuno alipo anthu amene sadya mbale imodzi ndi wogwira maliro. Mng'ono wanga weniweni akabwera sapereka khanda lake kwa alamu ake. Inenso ndisanamizire ena okha. Zaka zonsezi pakhonde pamakhala beseni ndi sopo wa a Rabson okha, ndipo mbale yawo ndi ya buluu, siisakanikirana ndi zinzake. Sanafunsepo chifukwa chake. Nanga a Edward akadzamva pa chokuzira mawu kuti asewele awo ndi a ku motchale, ukwati wa mwana wanga sudzathera pomwepo?

A Edwardwo ndi anthu aulemu moti ndimachita nawo mantha. Tsiku limene anabwera koyamba kudzaona pakhomo, anatchula dzina la a Rabson tisanawauze, anawagwira dzanja ndi manja awiri nthawi yaitali, ndipo anakana kukhala pampando mpaka a Rabson atakhala. Anati, "Zikomo chifukwa cha zija, bambo." Alendo atapita ndinafunsa kuti zija ziti, a Rabson anangoti, "Za kuntchito zimatsala kuntchito." Ndinaganiza kuti mwina anawathandizapo kupeza mankhwala. N'zoona kuti mayi ake a Trust anamwalirira pachipatala chomwechi zaka ziwiri zapitazo, koma pamaliro munthu sayang'ana nkhope za anthu, komanso amuna anga pantchito amavala masiki.

Njira ndayesa. Ndinati tinene kuti adwala, koma mwambowo uli pachipatala, adzangobwera kudzawatenga ndi ambulansi. Ndinapempha kuti tsiku la a kuchimuna lisunthe, ankhoswe akana, akuti galimoto anapangana nayo kale. Kenako ndinawauza a Rabson kuti bwanji njingayo akatenge Lolemba lake mwakachetechete. Ndinawapeza akusita malaya oyera amene anakagula okha, kutatsala sabata ziwiri zathunthu. Anaimika simbi n'kunena kuti, "Akuti mpando wina wakutsogolo alembapo dzina lanu. Koma ngati zikukuvutani, palibe kanthu, sindipita." Anapinda malayawo n'kuwaika m'sutikesi. Makhadi asanu oitanira abale amene anandipatsa ali m'buku langa la nyimbo.

Chichokereni tsikulo amadzuka, amapita kuntchito, amabwera, amasamba pabeseni pawo, amadya m'mbale yawo. Sakukwiya, ndipo n'zimene zikundisowetsa mtendere. Ndithandizeni, ndikawapemphe bwanji a chipatala kuti apereke mphotoyo osatchula ntchito? Kodi sangangoti "wantchito wa mbali ya kumbuyo"?

K.R., Nsaru

Mayi K.R.,

Zikomo polemba. Ndayankha makalata ambiri, koma aka n'koyamba kupemphedwa kuti ndithandize kubisa njinga.

Tiyambe ndi a Edward, poti ndi amene akukusowetsani tulo. Werenganinso kalata yanu. Mkulu amene mkazi wake anamwalirira pachipatala chomwecho wafika pakhomo panu, watchula dzina asanauzidwe, wagwira dzanja ndi manja awiri, wakana kukhala pansi. Mayi, munthu sathokoza choncho chifukwa cha mankhwala a mutu. Mukuti pamaliro munthu sayang'ana nkhope. Mwina simunapiteko nokha kukatenga thupi la wanu. Nkhope zonse za tsikulo zimaiwalika, kupatula ya amene anakutsegulira chitseko n'kukuonetsa mkazi wako atasambitsidwa bwino, mpango uli pamalo pake. A Edward akudziwa. Anadziwa musanawauze za sitolo, anakumverani mwaulemu mpaka kumapeto, ndipo sanamuletse mwana wawo. Sindingadabwe kumva kuti limodzi mwa mapepala a m'jumbo aja linalembedwa ndi dzanja la ahedimasitala.

Choncho chinkhoswe chisiyeni, chili bwino. Chimene chadwala m'nyumba mwanu chili m'sutikesi.

Pafunso lanu, yankho ndi ayi. Musapite kuchipatala. Anthu amene anadzaza bokosi lija sanalembe za wantchito wa mbali ya kumbuyo. Analemba dzina la munthu amene anawalandira tsiku loipitsitsa pamoyo wawo, ndipo akufuna kumva dzinalo ndi ntchito yake yomwe.

Sindikukunyozani. Mantha a maliro tonse tinakula nawo, ndipo kusamba pochoka kuntchito yotere n'koyenera, anamwino nawonso amasamba. Beseni lisiyeni pomwe lili. Koma mbale ya buluu ilibe chochita ndi ukhondo. Munthu wasamba kuchipatala, wasambanso pakhonde, mwabereka naye ana anayi, ndiye lero choopsa ndi mbale?

Sabata ino tulutsani malaya aja, musite nokha, muwapachike poonekera. Musakonze ulaliki, amuna anu sakuoneka olongolola. Mungowauza kuti munalakwa ndipo mupita nawo. Mbale ya buluu iikeni pakati pa zinzake, kapena yambani kudyeramo inuyo. Mukatero khalani pansi ndi Mayamiko. M'kalata yonseyi simunanene maganizo ake, chonsecho ndi iye amene mukuti mukumuteteza. Mufunseni zimene anamuuza Trust za ntchito ya bambo ake, ndipo musadabwe mukapeza kuti nkhani ya sitolo mwatsala nayo nokha.

Makhadi achotseni m'buku la nyimbo, sanalembedwe kuti aziimbidwa. Limodzi lipite ku Nambuma kudzera kwa ankhoswe, ndi uthenga woti alendo afike m'mawa, ayambire kubwalo la chipatala, za chinkhoswe zikambidwe masana. Mukakumana ndi a Edward musayambe mbiri yaitali. Nenani kuti munachita manyazi ndipo munanama. Mkulu wa mpingo amadziwa chochita ndi mawu amenewo. Mng'ono wanu mpatseninso lake. Akakana, mpando sudzasowa wokhalapo, ndi tsiku la msika.

Mwina ndalakwitsa, a Edward n'kuipidwadi. Ngati zili choncho, ndi bwino Mayamiko adziwe Loweruka limenelo kusiyana n'kudzadziwa ali ndi mwana kumsana, apongozi akukana kuti agogo ake amunyamule.

Koma ndikuchenjezeni. Munthu amene wakhala zaka 22 pakati pa anthu osayankha sadziwa kudandaula mokweza. "Palibe kanthu" wawoyo musamukhulupirire, kumbukirani kuti malaya anakagula okha. Mukangokhala chete sapitadi, ndipo nkhaniyi sadzakutchuliraninso, mudzangokhala nayo m'nyumba mpaka ukalamba. Musaganizenso zowatumiza okha inu n'kutsala mukuphikira alendo. A Selemani adzaomba m'manja, anamwino adzaimba nthungululu, njinga idzaperekedwa, koma maso a amuna anu adzakhala pa mpando umodzi wokha. Pa 14 mukakhalepo, mayi, dzina lanu alembapo kale.

Aphungu