Chipinda Chathu N'chimodzi

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse pakhomopo. Ife kuno tilipo, kungoti mliri uja wawagwira bambo a ana. Akutsokomola mpaka kugwira khoma.

Anamwino anandiuza kuti, "Mayi, azigona chipinda chaokha, ana asawayandikire." Ndinangovomera. Nanga ndikanati chiyani? Chipinda chathu n'chimodzi, pogona pomwepo, pophikira pomwepo. Ndamanga nsalu pakati, koma chifuwa sichiopa nsalu.

Eni nyumba atamva kutsokomolako anakhoma chimbudzi ndi loko, makiyi n'kupatsa a makomo enawo. Ife tikudzithandizira m'chidebe. Kunyumba komwe ndimachapa zovala kuja, m'zipinda zina mumangogona masutikesi, koma nditapita kukapempha anandibwezera pageti.

Dzulo ndiwo zinapserera ndili pomwepo, ine osamva fungo. Mwina n'kutopa chabe.

Azakhali, kodi kachipinda kanu kosungira katundu kaja kakadalipo? Anawa sadya zambiri. Wamkuluyu amatha kusesa ndi kutsuka mbale. Wamng'onoyu sagona mpaka wina amugwire dzanja. Ndangoti mudziwiretu.

Chonde musachedwe kuyankha.

Ndine,
Mwana wa achimwene anu