Dzina Lomwe Ndinabwereka kwa Achimwene

Lifuwu,
Salima.
Lachisanu, 15 Febuluwale 1991.

Okondedwa achimwene a Sidiki,

Asalamu aleikumu. Lachiwiri lapitali, pa 12 Febuluwale, tinakhala pakhonde panga anthu anayi: ine, mlamu wanu Jamila, mwana wathu wamkazi amene ali pasukulu ku Zomba, ndi aphunzitsi a Masiye amene anapuma ntchito. Tinakambirana kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka nthawi ya swala, pemphero la masana, ndipo potsiriza onse anati wolemba kalatayi ndikhale ine. Ndachedwa masiku atatu chifukwa cholembera chimandilemera.

Ndiyambe ndafunsa moyo wanu. A Mustafa, oyendetsa lole ya ku Harare, akuti anakuonani pamzikiti wa ku Mbare mwezi wa Disembala. Akuti imvi zabwera, koma kuseka kwanu n'komwe kuja. Ndinawafunsa katatu kuti afotokozenso, mpaka anati, “A Idi, kodi mukufuna ndikawanyamule pa lole ngati thumba la mchere?” Ndinati mukadatero. Kalatayi ndapatsa iwowo pamanja. Sindikuiponya ku positi, chifukwa masiku ano envulopu imakhala ndi owerenga ambiri, ndipo zili munozi ndi za inu nokha.

Kuno mvula yagwa bwino. Tatsiriza kuwokera mpunga ku sikimu pa 2 mwezi uno, ngakhale mvuu zatidyera ndime imodzi ya kumunsi. Mango amene munadzala kuseri kwa nyumba ya malemu amayi abereka mpaka nthambi imodzi kuthyoka. Ana a m'mudzi amawatcha mango a kwa Sidiki, koma palibe mwa iwo amene anaona nkhope yanu. Munachoka pa 14 Epulo 1971. Makalata anu ndili nawo khumi ndi imodzi, yomaliza ya pa 2 Juni 1987. Sindikunena izi modandaula ayi. Mukudziwa kuti ine ndi kope langa sitisiyana. Chilichonse ndimalemba.

Tsopano ndinene chimene ndakubisirani zaka zonsezi.

Mwana wanu Habiba atamwalira pa 6 Febuluwale 1983, ndinakulemberani zonse: malungo aja, ngolo imene inatitimira m'matope, ndi kuti anatisiya tisanafike kuchipatala. Munayankha kuti ndi chifuniro cha Allah, ndipo munathokoza kuti tinamulera chimwalirire mayi ake. Za zimene zinachitika pambuyo pake sindinalembe.

Chaka chomwecho mu Julayi, mwana wanga Sakina analemba mayeso a Sitandade 8. Anakhoza, koma sanasankhidwe kupita ku sekondale. Mukudziwa kuti ana awiriwa ankagona pamphasa imodzi, ndipo Sakina anali m'ngolo muja, mutu wa Habiba uli pamiyendo pake. Miyezi isanu sanagwire buku, ankangokhala duu. Zotsatira zitatuluka anandiuza kuti, “Ababa, ndikufuna kubwereza. Ndikufuna ndidzadziwe chimene ndikadachita m'ngolo muja.”

A Masiye, amene ankamuphunzitsa, anandiitanira pambali. Anati mwana wobwereza pa dzina lake lomwe sasankhidwa kawirikawiri, n'chifukwa chake ambiri amabwereza ndi dzina lina. Anati m'kaundula wa sukulu dzina la Habiba Sidiki likadalimo, palibe analifafaniza, ndipo chaka chimenecho ndi chimene akanalowa Sitandade 8. Ndinakana sabata ziwiri. Lolemba pa 3 Okutobala 1983 ndinavomera. Mwana anatuluka m'nyumba ali Sakina Idi, wobadwa pa 9 Malichi 1968, n'kukakhala pabenchi ali Habiba Sidiki, wobadwa pa 22 Novembala 1969. Ndinati ndikulemberani sabata yotsatira. Sabata imeneyo yafika lero.

Achimwene, dzinalo silinagone. Linasankhidwa kupita ku sekondale mu 1984, linakhoza Fomu 2, linakhoza Fomu 4 mu 1988, ndipo linaitanidwa ku Zomba kukaphunzira za sayansi. Pamanda a mwana wanu sitinalembepo kanthu, monga mwa chipembedzo chathu, koma dzina lake lili pa masatifiketi atatu m'sutikesi mwanga. Chaka chilichonse pa 6 Febuluwale, kapena tchuthi chikangoyamba, mwanayu amapita yekha kukazula udzu pamandapo. Zimene amakayankhula kumeneko sindinamufunsepo.

Ine chiyambire tsiku lija lilime langa linauma. Kumuitana Habiba sindingathe, chifukwa Habiba ndinamuika m'manda ndi manja angawa. Kumuitana Sakina ndimaopa makutu a anthu. Ndimangoti “mwanawe”. Mayi ake okha ndi amene amati Sakina, ndipo amatero kukhitchini, motsitsa mawu.

Chaka chathachi kunamveka kuti akufuna ana oti akaphunzire udokotala. Mwanayu analemba fomu yake yonse bwinobwino, koma panali tsamba limodzi loti alembe kholo n'kutumiza lokha ku ofesi ya ku Blantyre. Anandisiyira tsambalo pobwerera kusukulu, n'kunena kuti, “Mukalembe ndi a Masiye, ababa, musalembe nokha.” A Masiye anali ku maliro ku Chitala, ndipo masiku ankatha. Ndinati Chingerezi changa cha Sitandade 6 chikwana, si mafunso anayi okha? Ndinasamba m'manja, ndinayala nyuzi patebulo kuti pepala lisade, ndinayesa cholembera pambali. Pofunsa dzina la mwana ndinalemba Habiba Sidiki, mosamala, chilembo chimodzichimodzi. Pofunsa dzina la bambo ake, dzanja linalemba Idi Abbas. Pofunsa tsiku lobadwa, linalemba 9 Malichi 1968. Ndinawerenga kawiri osaona cholakwa, chifukwa tsiku limenelo ndinalipo, kunkagwa mvula ya matalala, ndipo mzamba anandiuza kuti ndisiye kuzungulira nyumba ngati nkhuku yofuna kuikira. Ndinatumiza pa 19 Novembala.

Lolemba lapitali mwanayu anangotulukira ndi basi ya masana, si nthawi ya tchuthi. Anali ndi kalata yochokera ku ofesi ija, pamodzi ndi tsamba langa lija, mizere iwiri atailemba mozungulira ndi inki yofiira. Kalatayo ikuti mwanayu ali m'gulu la amene akuganiziridwa, koma dzina la bambo ndi tsiku lobadwa sizikugwirizana ndi masatifiketi. Akuti tikonze tsambalo, ndiponso bambo ake enieni alembe kalata yotsimikiza, asayine pamaso pa munthu wa boma wodinda chidindo. Akuti osankhidwa amayamba maphunziro kunja kwa dziko, ndiye mapepala a pasipoti safuna chikaiko. Zonse zifike pofika Lachinayi pa 28 Malichi. Zikapanda kufika, malo apita kwa wina.

Ndiye chifukwa cha msonkhano wa pakhonde uja. A Masiye atawerenga anavula magalasi n'kuseka mpaka kutsokomola.

“A Idi,” anatero, “zaka makumi atatu ndakhala ndikuchonga zolakwa za anthu. Ena amalakwa posadziwa, ena ponama. Inu nokha ndi amene mwalakwa ponena zoona.”

Jamila sanaseke. “Ndinanena ine kuti kope lanulo lidzatigwetsa m'dzenje. Munthu wodziwa tsiku limene mbuzi inabereka mu 1976, lero walephera tsiku limodzi lokha loti akumbukire!”

“Sindinalephere, mayi,” ndinatero.

“Ndiye vutolo limenelo!”

Mwanayu nthawi yonseyi ankangoyang'ana tsamba lija lili m'manja. Ndinaganiza kuti wakwiya, ndipo anayenera kukwiya. Ndinati, “Mwanawe, ndakuwonongera.” Iye analoza mzere wa tsiku lobadwa.

“Ababa, ndimayesa munaiwala.”

Achimwene, ndinadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba ngati ndikukayang'ana nkhuku.

Nditabwerera, a Masiye anali atatulutsa tsamba latsopano limene linabwera ndi kalatayo. Anandiyang'anira ngati mwana wa Sitandade 1. Dzina la bambo: Sidiki Abbas. Tsiku lobadwa: 22 Novembala 1969. Mmunsi muli malo ofunsa kuti wolembayo ndi ndani kwa mwana. Ndinati tilembe kuti bambo aang'ono, monga mmene Habiba ankandiitanira. A Masiye anati m'Chingerezi mulibe bambo wamng'ono, liwu lake ndi limodzi ndi la amalume. Kwathu kuno mwana wa mbale wako ndi mwana wako, koma pepala silidziwa zimenezo. Ndinalemba liwu limene anandiuzalo. Ndi lalifupi, zilembo zisanu, koma ndinapumira pakati.

Yatsala ndi kalata yanu. A Masiye anati, “Sayinani nokha, a Idi. Ndani ku Blantyre akudziwa dzanja la a Sidiki? Nkhope zanu n'zofanana, chidindo tikachipeza ku boma.” Jamila anavomereza. Ine ndinakana. Ndinatenga kale dzina la mwana wanu osapempha. Sindingatengenso dzanja lanu. Ndinayang'ana mwanayu kuti mwina andinyoza, koma anati, “Alembereni ababa aakulu. Dzinali ndi lawo. Akakana, ndikalibweza.”

Mudziwe tanthauzo la kulibweza. Tikapita kukanena zoona, masatifiketi onse atatu akhoza kufafanizidwa, ku Zomba akhoza kumuchotsa, ndipo a Masiye akhoza kuitanidwa kukayankha mafunso kumalo kumene anthu sabwerako msanga. Iwo akuti akalamba kale, saopa. Ine ndikuwaopera. Komabe mukakana sindidzakuimbani mlandu, ngakhale mumtima. Ndidzakwera basi ndi mwanayu, tikanene.

Mukalola, mawu oti mulembe ndawaika papepala lina m'envulopu momwemu, a Masiye awatembenuza m'Chingerezi. Akuti: ine Sidiki Abbas ndine bambo wa Habiba Sidiki, amene anabadwira ku Lifuwu pa 22 Novembala 1969. Mwaona kuti mulibe liwu labodza ngakhale limodzi. Bodza ndi langa, ndipo ndidzaliyankha ndekha pamaso pa Allah. Ndinafunsa a shehe mozungulira, osatchula maina. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, “A Idi, chinthu cha mwini chimakhala halali, chololedwa, mwini wake akanena kuti tenga.” Ndikuganiza kuti akudziwa. Ndikuganiza kuti mudzi wonse ukudziwa, ndipo wakhala chete zaka zonsezi chifukwa cha ngolo ija.

A Mustafa anyamuka Lolemba pa 18, adzera ku Chipata chifukwa njira ya ku Tete ili ndi nkhondo. Akuti akhala ku Harare masiku anayi, ndipo Inshaallah adzakhala atabwerako pofika pa 15 Malichi, Ramadhani isanayambe. Mukasayine ku polisi kapena kwa aliyense wa chidindo, muwapatse iwowo. Musaiwale kulemba tsiku. Inu paja masiku simuwasamala: kalata yanu ya 1979 munalemba kuti 31 Epulo.

Pali china chimene sindinauze a pakhonde aja. Pepala lokwana m'envulopu ndi limene ofesi ikufuna. Ine ndikufuna mwini dzanja. Pa lole ya a Mustafa pali mpando wa munthu mmodzi. Sindikufunsa chimene chinakusungani kumeneko zaka makumi awiri, kaya ndi banja lina, kaya ndi manyazi obwera chimanjamanja. Bwerani chimanjamanja chomwecho. Mpunga ulipo. Chipinda cha malemu amayi ndinafolera chaka chatha, sichidontha. Mudzaone pamene tinagoneka mwana wanu, pansi pa mtengo wa bwemba, chakumanja kwa mayi ake. Mudzaonenso uyu amene wamunyamulira dzina. Akamaseka amatseka pakamwa ndi dzanja lamanzere, monga ankachitira Habiba. Sindikudziwa kuti anatengera ndani kwa mnzake.

Mwanayu wabwerera ku Zomba dzulo. Ndinamuperekeza kokwerera basi. Basi itayamba kuyenda ndinafuna kumuitana, koma panali anthu ambiri, ndiye ndinangokweza dzanja.

Jamila akupereka moni, akuti musamvere zonse zimene ndalemba za iye. A Masiye akupereka moni, akuti mukadali ndi mlandu wa zenera la sukulu limene munaswa ndi mpira. Anzanu a pamzikiti amene atsala, a Luka a kutsidya kwa msewu, ndi onse a pabanja akuti salamu. Akuperekanso moni mwana wanga Sakina. Ndiloleni ndilembe dzinali kachiwiri, Sakina Idi, chifukwa mukalola pempho langa, kalata ino ndi pepala lomaliza limene lidzakhale nalo.

Kuyambira lero mpaka pa 28 Malichi ndi masiku 41. Dzina la mwana wanu ndakhala nalo osapempha zaka 7, miyezi 4 ndi masiku 12. Silinabwezedwe, ndipo lero ndikulipempha.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,

Idi Abbas.