Timbaula ta Kuchikazi

Lolemba, 3 Novembala
Ndakhala pansi 6 koloko m'mawa, mpunga uli pamoto. Tulo tandithawa.

Dzulo kunabwera Tae-gyu, mdzukulu wanga, wa kwa mwana wanga wamkazi Myeong-ae. Wayamba ntchito ku Seoul, ndiye jekete lonse fodya yekhayekha. Ndinati, "Iwe, wasanduka chumuni?" Iye kuseka. Akuti abwana akakuthirira mowa wa soju sukana, akakupatsa ndudu umalandira ndi manja awiri. Mtima unangoti myuu.

Amalume ake, Du-sik wangayu, anali pamsinkhu womwewu pamene maso anazima. Linayamba lamanzere. Chisanu chisanathe, lamanja.

Lachitatu, 5 Novembala
Ndamuimbira Myeong-ae. Apulofesa! Moyo wake wonse wathera pa tinthu tina amati mitokondiriya. Ine ndimati timbaula, poti akuti ndi timene timayatsa mphamvu m'thupi. Anayamba kutisaka chifukwa cha maso a mlongo wakeyo. Ndi iye anatiyeza magazi n'kupeza kuti timbaula ta banja lathu tili ndi chilema. Timayenda kuchikazi kokha: ine ndinampatsa iye, iye n'kumpatsa Tae-gyu. Akuti si onse amachita khungu, koma fodya ndi mowa wambiri zimaitana ngoziyo.

"Wamuuza mwana?"

"Amayi, nthawi yake sinakwane. Mantha okha angamufoole."

Ha! Wakaphunzitsa ku Jeremani, ana ake a sukulu lero ndi apulofesa anzake, anthu amaimirira akamalowa. Koma pamaso pa mwana wobala yekha lilime limalemera. Wandiletsa kuti ndisayerekeze kumuuza. Ine, mayi wake!

Lachinayi, 6 Novembala
Ndapsereza nsomba. Ndathira mchere kawiri mu supu.

Lachisanu, 7 Novembala
Mawa mwambo wokumbukira malemu amuna anga. Abwera alamu anga a Sang-pil, akulu awo a malemuwo. Tikatha kupereka nsembe aliyense amalawa mowa wa pathebulopo, koma iwowo kulawa sakudziwa. Amathirira anyamata chikho pa chikho, ndipo wamng'ono sabweza chikho cha wamkulu.

Du-sik amasenda mapeyala a kuno, onga maapozi aja, mofufuza ndi zala. Wangoti, "Amayi, mukupuma ngati mwakwera phiri. Ndi za mphwanga?" Wakhungu uyu palibe chimamudutsa.

Ndikayankhula, Myeong-ae sadzapondanso pano. Ndikakhala chete?

Lamulungu, 9 Novembala


Tinagwada, tinapereka nsembe, tinakhala pakudya. Chikho choyamba chimene alamu anathirira Tae-gyu ndinapirira. Chachiwiri ndinayang'ana Myeong-ae, iye maso mu mbale. Chachitatu alamu akuti, "Gwira, mwamuna wa ku Seoul! Tikatha tikasute panja." Tae-gyu manja awiri tambasu, nkhope watembenuzira kumbali mwaulemu.

Ndinati ndiimirire, koma Du-sik anatambasula dzanja, kufufuza m'malere mpaka kugwira mkono wa mwanayo.

"Bwera nacho kuno, mphwanga. Ine maso anga anapita kale, palibenso choti chizime."

Anagugudiza.

Alamu: "Mwano wanji umenewu pamaso pa malemu?"

Ine pakamwa panatseguka pokha. "Alamu, malemuwo amwa kale gawo lawo. Inu thirani m'mimba mwanu momwemo, malo alimo ambiri."

Palibe anaseka. Tae-gyu anayang'ana amalume ake nthawi yaitali, kenaka mayi ake.

"Amayi, akuti choti chizime. Changa n'chiyani?"

Myeong-ae anaika timitengo todyera pansi. Nkhope mbuu. Ndinaganiza kuti athawira kukhitchini. Koma anatenga peyala, kulidula pakati, n'kuloza tinjere: "Tiyerekeze kuti ichi ndi kachigawo kamodzi ka thupi lako." Anamufotokozera za timbaula ndi za maso, ndipo sanaime. Mpaka alamu anatseka botolo.

M'mawa uno achoka awiriwo, akuti mawa akamuyeza maso. Tae-gyu sanaseke, sanadye. Potuluka anandifunsa, "Agogo, ndani winanso?"

Mng'ono wanga amene anakwatiwa ku Osaka, ku Japan, anamwalira tisakuyankhulana, ndipo anasiya ana aakazi atatu. Onse ali ndi ana aamuna. Chijapani sindichidziwa.

Tae-gyu, ndikutumizira masamba awa. Zilembo n'zokhota, usaseke. Uwamasulire m'Chijapani poti iwe umachidziwa, uwatumizire ana aakazi atatu a mng'ono wangawo sabata ino isanathe.