Nthochi za Duncan

Bangwe, Blantyre
Okutobala 2025

Okondedwa achemwali a Constance,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu ndi kamwana kathu Kristina. Kodi chifuwa chija chinamusiya? Kuno tilipo. Amayi akudzuka, kupatula mwendo uja umene umawavuta akakhalitsa pamsika. Dzuwa ndiye lafika poipa, ndipo madzi pampopi akubwera mwa apo ndi apo.

Mudabwa kuona kalata ya pamanja m'masiku a foni ano. Ndakuimbirani kangapo, koma mukangoti halo ine mawu amandithawa, n'kuyamba kukufunsani za nyengo ya ku Joni. Mumandidziwa. Papepala pokha ndi pamene ndimatha kumaliza zimene ndayamba kunena.

Kodi mukuikumbukira katoni ya sopo ija? Tili ku Chilobwe, mlongo wathu Duncan akadali kupulayimale, anaiboola kutsogolo ndi mpeni wa amayi, n'kuivala kumutu, n'kukhala pamtondo kumatiwerengera nkhani za pa TV. Tsiku lina analengeza kuti tambala wa kwa aneba wamangidwa ndi apolisi ndipo akaonekera kukhoti Lolemba. Inu munaseka mpaka kugubuduka pamkeka. Ine ntchito yanga inali yogwira waya pamwamba pa katoniyo kuti chithunzi chisagwedere. Kulowamo sindinkafuna, ndinkachita manyazi. Ndikaganiza bwino, mpaka lero ndikadali wogwira waya.

Ndayamba ndi katoni chifukwa nkhani yanga ndi ya filimu.

Chaka chino n'chomaliza kusukulu, ndipo kuti timalize maphunziro a zofalitsa nkhani tiyenera kupanga filimu yaifupi ya nkhani yochitikadi, awiriawiri. Ine ndili ndi mnzanga Lubna wa ku Limbe. Ndi mtsikana wamtima wabwino, koma amalankhula ngati wailesi yothyoka batani lozimitsira.

Poyamba tinasankha za anyamata a kabaza a ku Ndirande. Tinayenda pamasiteji, tinacheza nawo, tinalemba dongosolo lonse. A lekichala athu anawerenga, n'kutibwezera mapepala, amvekere zimenezi aliyense akhoza kujambula, nanga inuyo zikukukhudzani pati?

Titatuluka Lubna sanandinyengerere. Anati ndikuzungulira Ndirande yonse ndi dzuwa lino chonsecho nkhani ndaisiya m'nyumba mwathu. Ndinakwiya, achemwali. M'minibasi mpaka ku Limbe sindinamuyankhule, ngakhale pamene ankakangana ndi kondakitala kuti watikhazika anthu asanu pampando wa anthu atatu. Koma sabata isanathe ndinavomera kuti tifufuze za mabanja amene abale awo sanapezeke pa napolo wa Freddy. Ndinangopempha chimodzi, kuti banja lathu lisakhalemo.

Amayi sindinawauze. Ndikamatuluka ndinkati ndikupita kulaibulale.

Kufufuza si kophweka monga ndinkaganizira m'kalasi. Anthu a ku Chilobwe anatopa ndi makamera. Bambo wina anatifunsa ngati tabweretsa malata, titati ayi anapitiriza kusoka nsapato zake ngati palibe munthu. Mayi wina anati anajambulidwa kale ndi azungu ndi akuda omwe, koma mpaka lero chithunzi chake sanachionepo. Ine ndinkangoima ndi kope m'manja, mafunso amene ndinakonza aja akuoneka opusa. Ndimufunsa bwanji munthu kuti munamva bwanji, chonsecho yankho ndikulidziwa?

Amene anatilandira ndi mayi Anjelina, aja ankagulitsa mandasi kumunsi kwa nyumba yathu. Pano akukhala kwa mwana wawo chakumsika. Anandizindikira ndisanapereke moni, anandigwira masaya n'kumati ndaonda, sukulu ikundidya. Amuna awo, monga mukudziwa, nawonso sanapezeke, ngati Duncan wathu.

Kamera tinalibe, tinangojambula mawu pafoni kuti tikamvetserenso pokonza dongosolo. Anatiuza kuti atadikira miyezi yambiri, akuluakulu a kwawo ku Thyolo anabwera, anadula thunthu la nthochi, analikulunga m'nsalu, analiika m'bokosi, ndipo anthu anaimba nyimbo ndi kuliika m'manda monga amachitira ndi munthu. Anati iwo ankadziwa bwinobwino kuti m'bokosimo muli nthochi, sanali openga. Koma kuyambira tsiku limenelo anapeza malo okagwada, ndipo anasiya kutembenuka akamva munthu akutsokomola ngati amuna awo.

Lubna anati kwawo kumzikiti amamupempherera munthu ngakhale thupi palibe. Mayi Anjelina anati Mulungu ndi mmodzi, amadziwa pamene aliyense wagona, ovutika ndife otsala.

Ndinkaganiza za amayi. Mukudziwa kuti amalume atatchula za nthochi chaka chatha, amayi anawauza kuti akaike mwana wawo, osati wa eni. Mwina chimene simukuchidziwa n'chakuti anasiya uthenga kwa bambo wa golosale ya pasiteji ya Chilobwe, kuti Duncan akabwera amulondolere ku Bangwe. Nthawi iliyonse akadutsa kumeneko amafunsa ngati kunafika munthu. Bamboyo amachita kuthawira kuseri kwa mashelefu akawaona.

Tsopano imvani chimene chinachitika.

Loweruka lina masana ndinakhala pakhonde kumamvetsera mawu a mayi Anjelina n'kumalemba. Amayi anali pafupi, akusankha zovala za kaunjika zoti akagulitse. Ndinadzuka mwadzidzidzi kuti ndipirikitse nkhuku, waya wa m'makutu n'kusololoka pafoni. Mawu anamveka khonde lonse, pamene penipeni akunena za thunthu m'bokosi. Ndinavutika kuzimitsa.

Amayi sanadzutse mutu. Anangofunsa ngati amenewo ndi a Anjelina, ndipo ngati laibulale yanga inasamukira ku Chilobwe. Kenako anamanga mtolo wawo n'kupita kumsika.

Sabata yonse sanaitchulenso nkhaniyo. Ankandipatsa moni, ankandisungira chakudya, koma m'nyumba munkachita ngati muli mlendo. Ine kusukulu sindinkamva kanthu. Ndinauza Lubna kuti tibwerere kwa akabaza. Iye anati ndidikire, mayi akakhala chete ndiye kuti akuphika kanthu.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi anandiuza kuti tikwere minibasi. Sananene kopita, koma titasintha ku Limbe ndinadziwa. Titatsika ku Chilobwe anadutsa pagolosale paja osaima. Bambo uja anali atayamba kale kubisala, ndipo anatulutsa mutu kumatiyang'ana mpaka tinakhota.

Tinakwera pang'onopang'ono chifukwa cha mwendo. Inu simunafikekonso chichokereni. Pamene panali nyumba yathu pali chimwala chachikulu kuposa minibasi, ndipo udzu wamera mozungulira. Palibe khoma, palibe chitseko, ngakhale mtondo. Koma kumalire, kumene madzi a kubafa ankatsikira, nthochi zimene Duncan anadzala zija zinaphukanso. Zapanga phata lalikulu, ndipo imodzi yabereka mkoko umene ukulemera mpaka thunthu lawerama.

Amayi anayang'ana nthochizo. Kenako anayamba kuloza ndi ambulera yawo. Anati pakhomo panali apa, iwo adzakhala pamwala waung'ono uwu, kamera ndidzaiike uko kuti phiri la Soche lidzaoneke kumbuyo koma dzuwa lisadzawathobwe m'maso. Adzavala chitenje chawo cha buluu ndi duku loyera. Ndinawafunsa kuti akunena chiyani. Mawu awo ndiwalemba monga anawanenera, chifukwa sakundichoka m'mutu:

"Kumsika sanditchulanso dzina langa. Amati tiyeni tikagule kwa mayi olira a pa TV aja. Mwana wanga dziko limamudziwa ndi kukuwa kwanga basi. Ndikufuna undijambule nditasamba, nditakhala pansi, ndinene kuti anali ndani. Ndikamaliza, amalume ako adule nthochiyo."

Ndinalira ndine, iwo ayi. Anandiuza kuti ndipukute m'maso, wojambula wolira amagwedeza chithunzi.

Koma potsika anaima n'kunena kuti pali chimodzi chowamanga, ndicho lonjezo limene anapanga kwa inu.

Achemwali, sindinaiwale. Ndikudziwa kuti inu za Duncan simunazimve kwa m'bale aliyense. Munaziona pafoni muli kuntchito, amayi ali m'matope mpaka m'mawondo, chitenje chitamasuka, akuitana dzina lake, anthu osawadziwa akutumizirana ndi kulembapo ndemanga. Ndikukumbukira mmene munawathamangitsira atolankhani kumsasa wa pasukulu paja mutangofika, nsapato ili m'manja. Ndinalipo pamene munawagwiritsa amayi Baibulo kuti kamera isadzawalozenso ali moyo. Tsiku limenelo ndinakunyadirani, ndipo mpaka pano sindinganene kuti munalakwa.

Tsopano wobwera ndi kamera ndine, mng'ono wanu.

Amayi akuti iwo salumpha Baibulo. Akuti munamanga ndinu, womasula ndinu. Akana kukuimbirani okha chifukwa akuti mukangolira pafoni iwo agonja, ndipo nkhaniyo ithera pomwepo. Ndiye andituma ine, munthu wosatha kulankhula.

Ndisakunamizeni kuti mtima wanga uli mbee. Ndimadzifunsa ngati ndikufunadi kuthandiza amayi kapena ndikufuna mamalikisi. Nditawafotokozera a lekichala maso awo anawala, amvekere imeneyi ndiye filimu, ndipo ine sindinasangalale nazo. Ndimaopa kuti ndikadzaikonza ndidzasankha pamene mawu a amayi anjenjemera, chifukwa ndi zimene oonera amakonda. Ndimaopanso kuti ina idzatuluka n'kuyamba kuyenda m'mafoni ngati yoyamba ija. Nthawi zina ndimaganiza kuti akanaipanga bwino ndi Duncan, ine ndikanangogwira waya.

Zimene ndingalonjeze ndi izi. Palibe adzaione amayi ndi inu musanaione. Chimene mudzati chichoke chidzachoka, ngakhale filimu itsale yopanda mchere ndipo ndilephere. Pa intaneti sidzapita. Mwambo wa nthochi sindidzajambula, tsiku limenelo ndidzakhala mlongo wake wa Duncan basi. Lubna wavomera zonsezi, ngakhale akuti pa dzina la wotsogolera filimu tidzangolemba amayi, poti ayamba kale kumuuza kuti azidzayankhula motsitsa.

Nthawi ndiyo ikundisowetsa mtendere. Dongosolo likufunika mwezi uno usanathe. Kamera ya kusukulu timabwerekana, ndipo ife yatigwera kumayambiriro kwa Novembala. Masana aliwonse mitambo ikumasonkhana pamwamba pa Soche kenako n'kubalalika, ine n'kumangotuluka panja kukaiyang'ana. Mvula ikangoyamba amayi sayandikira phiri lija, mukudziwa mmene amakhalira kukagunda. Zikatero ndiye kuti mpaka chaka chamawa, ndipo sindikudziwa ngati mtima umene ali nawo lerowu udzakhalapobe.

Mukakana sindidzakusungirani chakukhosi. Ndidzabwerera kwa akabaza a ku Ndirande, filimu ya njinga ndidzapanga, digiri mwina ndidzapeza. Koma ndikuganiza kuti amayi adzayambanso kuima pagolosale paja.

Chonde musayankhe tsiku lomwe mwawerenga. Muyambe mwakwiya, munditukwane kwa alamu, kenako muwerengenso. Mukatha muwaimbire amayi, osati ine. Ndipo ngati kuntchito angakuloleni, bwerani. Amalume akuti bokosi silinganyamuke mwana woyamba palibe.

Mundiperekere moni kwa alamu. Kristina mumupsompsone, mumuuze kuti anti ake amusungira katoni yabwino. Amalume ndi azakhali a ku Machinjiri akupereka moni. Mayi Anjelina akuti mukadzabwera musadzaiwale mafuta odzola aja. Ambuye akusungeni m'dziko la eni, akutchinjirizeni popita ndi pobwera.

A Steve, adalaivala a thiraki amene atenge kalatayi, aima kale pamsewu ndipo akuimba hutala. Amayi andipeza ndikupinda mapepala. Sanafune kuti ndiwawerengere, angoti ndifunyulule tsamba lomaliza ndiwonjezere mawu awo, ndiye ndi awa:

"Constance mwanawe, mkoko wakhwima. Nthochi ikabereka siidikira munthu, tikapanda kuidula igwa yokha."

Ndapindanso. Akuti apita nayo okha kuthiraki.

Ine mng'ono wanu,
Clara