Nkhanga zanu zafika ku Ulaya, dzina lanu latsala

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko?

Ife kuno wailesi ikuti tili bwino kwambiri. Sabata yatha mkulu wina wa ku Lusaka analengeza kuti luso la dziko lathu lafika pa msika wa dziko lonse lapansi, ndipo palibenso waluso wakumudzi amene dzina lake lidzakwiririke. Ndinamvetsera mpaka kumapeto, ndili pa kauntala m'sitolo ya mbewu ndi feteleza ija, momwe ndikugwirabe ntchito m'tauni ya Chipata.

Ndiyambe ndi zakumudzi. Mtedza ku Madzimoyo unachita bwino, koma thonje linagwidwa ndi mbozi. Mlongo wanga Tisaine anabereka mwana wamkazi mu Epulo, ndipo tinamupatsa dzina lanu. Palibe amene amalitchula. Tonse timangomuitana kuti "Amayi", iye n'kumatiyang'ana mmene munkatiyang'anira tikachedwa ku Misa. Amalume a Zuze mwendo ukuwavutabe, koma pakamwa ali bwinobwino.

Mukumukumbukira mzimayi uja wa nyumba yogulitsira zojambula ku Lusaka, amene anaimitsa galimoto ataona khoma la nyumba yanu? Chaka chilichonse mvula ikatha munkazira khomalo n'kulijambula ndi dothi lofiira lapachulu, lotuwa lakudambo ndi makala. Munkajambula nkhanga, mizere ya mapiri, ndi nsanja ya mafoni imene anaiimika kuseri kwa sukulu. Iye anakupemphani kuti mujambule zomwezo pa masaka a thonje, koma nsanjayo muisiye, chifukwa ogula akunja safuna kuona zinthu zimene ali nazo kwawo. Munaseka n'kundiuza kuti, "Asiye, maso ndi awo." Pa ndalama zimene anakupatsani pogula masakawo munagula mbuzi ziwiri, ndipo sabata yonse munkadandaula kuti mwamubera mlendo.

Tsiku limene anabweralo womasulira ndinali ine, mwana wanu wa Giredi 12. Atafunsa dzina lanu, cholembera chili m'manja, lilime langa linakana. Mwana angatchule bwanji dzina la amayi ake, iwo ali pomwepo, pamaso pa mlendo? Ndinati, "Ndi aNaphiri." Anafunsa ngati muli ndi dzina lina. Ndinamuyankha kuti mudzi wonse umakudziwani choncho. Anatseka kabuku kake.

Mwezi watha mnzanga wina, mphunzitsi wa ku Chiparamba, anandionetsa chithunzi pa foni. Nkhanga zanu, Amayi, zili pa khoma loyera ku Ulaya, m'galasi, nyale ikuziunikira. Ndinazizindikira chifukwa cha mwendo wopindika uja umene munkajambula pa nkhanga iliyonse. Ndili mwana ndinakufunsanipo chifukwa chake simuuwongola, inu munati, "Ikuyenda iyi, sikudikira munthu." Mnzangayo atanditchulira mtengo wa saka limodzi, ndinaona nyumba ya njerwa zootcha ndi malata, yomwe munamwalira musanagonemo.

Ndinapempha masiku awiri kuntchito n'kukwera basi ya ku Lusaka. Sindinapite kukapempha ndalama. Ndinangofuna kuti alembe dzina lanu pansi pa ntchito yanu. Mzimayi uja anandilandira bwino, anandipatsa tiyi wopanda shuga, anapepesa za maliro. Kenako anati, "A Banda, ku Chipata kokha aNaphiri alipo angati? Ogula amafuna umboni. Siginecha, kapena ntchito ina ya dzanja lomwelo. Khoma lija likadalipo?"

Khoma lija, Amayi, tinaligwetsa. Titameta, amalume anati nyumba ya malemu siisiyidwa chiimire, monga tinachitira ndi ya agogo. Khasu loyamba ndinaponya ndine. Nkhanga zanu zomaliza zinagwa chafufumimba, ndipo pamalopo Tisaine anabzala maungu. Palibe amene anaganiza zojambula khomalo ndi foni. Pamaliro anthu ankajambula bokosi.

Nditamufotokozera zimenezi anapukusa mutu mwachisoni. Anati mwambo umenewu ndi wochititsa chidwi kwambiri, ndipo aulemba m'kabuku ka chionetsero chake chotsatira. Pondiperekeza pakhomo anandifunsa ngati Tisaine amatha kujambula nkhanga.

M'basi pobwerera ndinayesa kusankha woti ndimukwiyire. Mzimayi uja anagula zimene tinamugulitsa. Amalume anachita zimene amalume amachita. Wotsala ndi ine ndi ulemu wanga. Munkagulitsa mtedza wambewu kuti ndisachoke sukulu, mumvekere, "Uphunzire Chingerezi, alendo asamatipusitse." Mlendo woyamba atabwera, Chingerezicho ndinali nacho chokwanira, ndipo ndi chimene ndinakufufutira nacho.

Ndikulonjezani chinthu chimodzi. Mvula ikatha Tisaine adzazira khoma lake n'kulijambula, nsanja ya mafoni ili pomwepo. Pansi pake ndidzalemba ndi makala dzina lake ndi la amene anamuphunzitsa, Felesiya Phiri. Taonani, ndalilemba koyamba m'moyo wanga. Mundikhululukire. Mvula ikadzalifufuta ndidzalilembanso, chaka ndi chaka, mpaka kamwana kaja kadzathe kuliwerenga kokha.

Mupereke moni kwa atate.

Ndine mwana wanu wokukondani nthawi zonse,
Lekani

Ndisanapinde kalatayi ndayang'ananso chithunzi chija. Pansi pa nkhanga zanu alembapo kuti wojambula sadziwika.