Thonje Linabwera ndi Njere Zake

Okondedwa Bambo,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu. Bondo lija likukulolani kufika kumunda, kapena mukungolamula muli pakhonde ngati kapitawo? Nanga amayi ndi chifuwa chawo? Achemwali anandiuza pafoni kuti mankhwala akumwa, koma amayi ndimawadziwa, amamwa tsiku lokhalo limene mwawayang'anitsitsa. Ine kuno ndili bwino. Kuzizira kwachepa, ndipo chala chimene ndinadzipana ndi chitseko chinapola. Chikhadabo chatsopano chikumera chokhota ngati mwini wake.

Ndasankha kalata chifukwa pafoni mumandidula mawu, inenso ndimakudulani, mapeto ake timatsanzikana tisanamvane. Papepala mundimva mpaka kumapeto.

Ntchito yanga mukuidziwa, ngakhale ndamva kuti anthu akafunsa mumati ndili ku ofesi. Ndimakolopa, Bambo. Malo ake ndi fakitale yakale ya nsalu imene inatsekedwa, akuluakulu a mzinda n'kuisandutsa nyumba yoonetseramo zinthu zakale. Muli makina opota ulusi ndi owomba nsalu, ena aatali ngati basi, ndipo anthu amabwera kudzaona mmene dziko lino linalemerera. Ine ndimalowa m'mawa alendo asanafike, ndowa kudzanja ili mopu kudzanja ili, n'kumapukuta fumbi pa zikwangwani zimene ndikanazilemba bwino kuposa amene anazilemba. Pangano langa la ntchito linali loti lithe kumapeto kwa mwezi wathawu, ndipo chilolezo changa chokhalira kuno chimatsamira pa ntchitoyo. Ikanatha, bwenzi nditakupezani pakhondepo ndi chikwama chimodzi, ana a azakhali a madigiri aja atapeza nkhani yodyera chaka chonse.

Woyang'anira nyumbayi ndi mayi wina wamtali, wa madigiri atatu. Ife okolopa timamutcha Amakiyi, chifukwa makiyi ake amamveka iye asanaoneke. Mayiyu anakonza zotsegula chipinda chatsopano choonetsa ulendo wa thonje kuchokera kumunda mpaka kukhala malaya. Anaitanitsa thumba lalikulu la thonje kuchokera kutsidya kwa nyanja, longotoledwa kumene m'munda, kuti tsiku lotsegulira aliike m'makina akale aja anthu akuonerera.

Thumbalo linafika kutatsala masiku anayi. Ndinali pomwepo ndikukolopa pamene ankalimasula, iyeyo ndi mkulu wina wokonza makina amene anagwira ntchito m'fakitaleyi zaka makumi atatu isanatsekedwe. Ameneyu timamutcha Agirisi, chifukwa girisi wa makina sachoka m'manja mwake. Anapisa manja m'thumba onse awiri, nkhope zawo n'kusintha. Amakiyi anati thonjeli lili ndi timiyala. Agirisi anafinya kamodzi, nanunkhiza, nati ayi, izi ndi ndowe za makoswe a m'sitima. Mayi uja anatulutsa foni kuti awazazire amene anamutumizira katundu woonongeka.

Bambo, zinali njere. Njere za thonje zomwe zija tinkadzala paphando inu muli kutsogolo ndi khasu.

Ndinayesa kudzigwira, Mulungu ndi mboni. Ndinaluma mlomo, ndinayang'ana m'ndowa. Koma kuseka kunandigonjetsa mpaka mopu unagwa pansi. Atandifunsa chimene chikundiseketsa, pakamwa panga paja panatseguka pokha. Ndinati, "Zaka mazana awiri mwakhala mukulemera ndi thonje mpaka kumanga mzinda wonsewu, koma njere yake mukuiyesa ndowe ya khoswe?"

Amakiyi anafiira mpaka m'makutu, nandiuza kuti ndimalize kukolopa, za pangano langa tikambirana nthawi ina. Ndinatuluka ndikudziwa kuti ndadziotcha ndekha kachiwiri, monga ndinachitira ku yunivesite ndi mphunzitsi wa mbiri yakale uja wa manotsi achikasu, mpaka sukulu kundithera panjira. Nditafika kuchipinda changa ndinatsitsa chikwama pamwamba pa kabati n'kuchipukuta fumbi.

M'mawa mwake Agirisi anandipeza m'kachipinda kosungiramo matsache. Anandiuza kuti thonje lonse limene analigwira pa moyo wake linkabwera m'mabelo, loyera kale, ndipo sanadzifunsepo kuti amalichotsa njere ndani. Makina ake sangadye thonje la njere, mano awaya angathyoke, mafuta a njere n'kudetsa ulusi. Anali ataimba mafoni konsekonse, koma makina ochotsa njere sanawapeze, chifukwa ntchito yafumbiyo inkatsala kwa olima. Anandifunsa, maso ali pansi, ngati pali njira ina.

Ndinamuuza kuti apeze thabwa losalala ndi kachitsulo kobulungira konga chala. Mukukumbukira mmene munationetsera ine ndi achemwali tikafuna thonje la m'mapilo ndi la zingwe za nyali? Kuika pang'ono pathabwa, kukunkhuniza chitsulo ndi zikhatho, njere n'kumathawira kutsogolo. Manja anga sanaiwale. Njere yoyamba itadumpha n'kugwera pa nsapato yake, mkuluyo anaseka ngati waona matsenga. Paja amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Kanga kanali kachitsulo kodula pa geti yakale.

Tinakhala pa ntchitoyo masiku atatu, ine, Agirisi ndi anzanga awiri okolopa. Mmodzi wa iwo kwawonso amalima thonje, dziko lina lakutali ndi lathu, ndipo atagwira chitsulo anandiposa liwiro, chinthu chimene sindinamukhululukirebe. Tinalisankhanso monga munkatiuzira, loyera mbee apa, lothimbirira apo. Tsiku loyamba Amakiyi ankangodutsa osatiyang'ana. Lachiwiri anakoka mpando, navula mphete, nayamba kutola tizinyalala. Zala za madigiri atatu n'zochedwa kwabasi, koma sindinanene kanthu. Mwaona kuti ndikukula.

Manja akugwira, tinkacheza. Ndinawafotokozera za agogo aamuna monga munandiuzira: mtsamunda kubwera ndi msonkho wofuna ndalama, ndalamayo yosapezeka pokhapokha ulime thonje, thonjelo wogula wake mmodzi yekha wokhala ndi sikelo yakeyake. Kenaka nsalu ya thonje lomwelo kubwerera pa sitima kudzagulitsidwa kwa olima omwe aja, mpaka amene ankawomba nsalu kwathu anapachika zipangizo zawo. Ndinayembekeza kuti Agirisi anditsutsa, ndipo mayankho ndinali nditanola kale. M'malo mwake anandiuza za amayi ake, amene analowa m'fakitale ino ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Anagontha ndi phokoso la makina asanakwatiwe n'komwe, moti ana awo onse anawalera powayang'ana milomo, ndipo chinawatenga ndi chifuwa cha fumbi la thonje. Iye mwini anachotsedwa ntchito tsiku limodzi ndi anzake mazana asanu, eni fakitale atapeza dziko lina la manja otsika mtengo. Ndinamufunsa kuti nanga chuma chonsecho chinalowera kuti, poti kwa ife sichinatsale, kwa iwonso sichinafike. Analoza pawindo nyumba zikuluzikulu za pamtunda, tonse n'kufa nako kuseka, ndi Amakiyi omwe, ngakhale ndikukayika ngati sakhala komweko.

Tsiku lachitatu mkuluyo ananditengera m'chipinda cham'mwamba, natulutsa buku lalikulu lomatamo zidutswa za nsalu iliyonse imene fakitale inapangapo. Anandionetsa mbendera ya atsamunda. Anatembenuza masamba angapo, ndipo ndinaona kachidutswa ka mitundu imene inu mumaidziwa bwino. Mbendera yathu, Bambo. Ija munati munaikupiza muli mwana wasukulu wopanda nsapato tsiku la ufulu, mukuimba mpaka mawu kusasa. Akuti amene anamuphunzitsa ntchito ankasimba kuti zaka zimenezo mayiko ankalandira ufulu motsatizana, lililonse likufuna mbendera mwachangu, ndipo fakitale sinapindulepo ngati nthawi imeneyo. Anthu awa anatigulitsa unyolo, kenaka n'kutigulitsanso nsalu yokondwerera kuti unyolo waduka. Ndinaseka mpaka misozi. Koma nditapempha kuigwira, ndinangozindikira kuti ndaimirira njo ngati msilikali. Musandifunse chifukwa chake, inenso sindikuchidziwa.

Tikumaliza thumba, Amakiyi anandipempha kuti tsiku lotsegulira ndidzakhale pamphasa pakhomo la chipinda chatsopano, nditavala "zakwanu", ndikukunkhuniza chitsulo kuti alendo aziona. Ndinakana. Ndinamuuza kuti sindine chosema choika m'galasi. Ngati akundifuna, ndidzaimirira, ndidzavala diresi langa labuluu, ndipo ndidzalankhula ndekha. Ndinaonjezanso kuti chikwangwani choyamba chisinthe. Chinali cholembedwa kuti thonje linkafika padoko lawo pa sitima, basi. Ndinamufunsa ngati linkakwera lokha sitimayo, ndiponso ngati linkadula tikiti. Mnzanga wokolopa uja ananditsina m'chiuno kuti ndikhale chete. Mayi uja anakhala nthawi yaitali akutembenuza makiyi m'manja. Kenaka ananditambasulira cholembera nati, "Lemba iweyo. Koma mizere isapitirire isanu."

Mizere isanu, kwa munthu ngati ine! Ndinavutika nayo kuposa mayeso onse amene ndinalembapo. Komabe inakwana, ndipo muli wodzala, wotola, wosenza pamutu kupita kusikelo, ndi mtsikana wogontha wa pamakina.

Tsikulo kunabwera akuluakulu a mzinda, atolankhani awiri ndi ana asukulu odzaza basi. Pakamwa panga panadziwa ntchito yake. Mwana aliyense ndinamupatsa njere imodzi m'manja, ena n'kumafunsa ngati angaidzale mumphika wa maluwa. Bambo wina wa chipewa anandifunsa ngati sitithokoza chifukwa cha njanji imene anatimangira. Ndinamuyankha mwaulemu kuti njanjiyo tinaiona, inkachoka kumunda kulunjika kudoko osakhota ngakhale pang'ono kuti idutse pachipatala. Anthu anaomba m'manja, iyenso anaomba nawo, mwina posamva bwino. Kenaka Agirisi anayatsa makina. Pansi panagwedezeka, thonje lathu linalowa, n'kutuluka ulusi woyera wosaduka. Mkuluyo anapukuta misozi ndi kasanza ka girisi, nayenda tsiku lonse nkhope ili bii. Palibe amene anamuuza.

Lolemba lapitali Amakiyi anandiitana ku ofesi kwake, ndipo ulendo uno anandipatsa mpando. Pangano lokolopa waliwonjezera miyezi itatu. Koma nkhani yaikulu ndi yakuti akufuna munthu wokhazikika wotsogolera alendo m'chipinda chatsopanocho, ndipo iye akufuna ine. Chilolezo changa chikhoza kukhala cha zaka. Vuto ndi la komiti imene imalemba anthu ntchito. Iwowo samva za thabwa ndi chitsulo, akufuna pepala losonyeza kuti ndinaphunzirapo mbiri yakale ku yunivesite zaka zosachepera ziwiri, ndipo lifike mwezi wamawa usanathe. Ndinalembera ku yunivesite kuja. Anandiyankha kuti ndipite ndekha ndikasaine, ngati kuti ndili kuseri kwa mpanda wawo.

Tsono pempho langa ndi limodzi, ndipo ndalizungulira masamba onsewa chifukwa likundilemera. Ndikupempha mapepala a zotsatira za mayeso anga a zaka ziwiri ndi theka zija. Ndikukumbukira mmene ndinawasiyira. Ndinawaponya patebulo pamaso panu n'kunena kuti mukolezere moto, inu amene munatola thonje zaka zitatu, msana uli wowerama, kuti ine ndikafike kumeneko. Achemwali anandiuza kalekale kuti simunakolezere, munawaongola ndi simbi n'kuwaika pansi pa sutikesi pamodzi ndi mapepala a munda. Ndinanamizira kusamva.

Ndinalakwa, Bambo. Mawu amenewa sindinamuuzepo mphunzitsi uja kapena munthu wina aliyense, ndiye muwasunge bwino, sindikudziwa ngati adzatulukanso.

Mukalola, muwapatse alamu awajambule kaye pafoni anditumizire, enieniwo atumize pa positi yachangu. Musawapatse amalume, angakafike nawo chaka chamawa.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ndanenepa pang'ono, asiye kudandaula. Moni kwa achemwali ndi alamu, ndi kwa ana awo onse atatu, makamaka wamng'ono amene sindinamunyamulepo. Moni kwa amalume, kwa azakhali ndi a pabanja pawo, ndi kwa oyandikana nafe amene amandifunsabe.

Ngati mtima wanu sunafewe, mapepalawo akhale momwemo, ndimvetsa, ndipo sindilankhula kanthu. Koma mukatumiza, muikemo kakalata ka dzanja lanu, ngakhale mzere umodzi wokha wondidzudzula. Ndiuwerenga mpaka kumapeto osakudulani.

Tsalani bwino, Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mwana wanu wachiwiri,
Uja wa pakamwa